Bambo wosweka mtima m'buku lachikondi: mafunso anu, mayankho athu

FUNSO: Ndikulemba buku lachikondi. Mpangankhani wamkulu ndi bambo wa zaka 38 amene wabwerako ku Joni chimanjamanja. Mkazi anamuthawa, akukhala yekha m'nyumba ya malemu mayi ake ndipo walowerera ndi kachasu. Kenaka akukumana ndi mayi wogulitsa mbatatesi. Anzanga amene awerenga mitu itatu yoyamba akuti bamboyu akuwatopetsa, sakumumvera chisoni. Ndalakwitsa pati?
Mphunzitsi, Linthipe

YANKHO: Aphunzitsi, nthawi zambiri vuto limeneli limabwera chifukwa bamboyo akungovutika koma sakuchita kanthu. Munthu wokhala pakhonde n'kumadandaula mitu itatu yathunthu amatopetsa, ngakhale mavuto ake atakhala aakulu chotani. M'masamba asanu oyamba mupatseni chinthu chooneka ndi maso chimene akuchifuna: kufolera nyumba mvula isanayambe, kapena kubweza katapila amene akumusowetsa tulo. M'masamba omwewo achitenso chabwino chimodzi popanda womuona. Mwachitsanzo, m'mawa wa mu Juni, kuzizira kwa ku Dedza kutafika pachimake, asiye mtolo wa nkhuni pakhomo pa agogo oyandikana nawo n'kuchoka asanadzuke. Wowerenga akaona zimenezi adzamudikirira mpaka asinthe.

Chachiwiri ndi bala lakelo. Siyanitsani zimene anthu anamuchita ndi zimene iye analakwira ena. Kugwidwa wopanda mapepala, kusungidwa ku Lindela, malo amene boma la South Africa limasungirako alendo ofunika kubwezedwa kwawo, ndi kubwezedwa kuno ndi zomuchitikira, ndipo zimangobweretsa chisoni. Koma buku la munthu wowomboledwa limafuna mlandu. Mwina anakhala zaka zinayi osatumiza ngakhale tambala kwa mwana wake, mwina anamva uthenga wa maliro a mayi ake koma sanabwere. Mlanduwu musaukhuthule wonse pa mutu woyamba. Pa mutu wachiwiri tingoona chizindikiro, monga kupatuka njira akaona ana a sukulu. Pakati pa buku aulule theka. Zonse zituluke buku likulowera kumapeto, ndipo zituluke pa nthawi yoipa, mwina kuchokera pakamwa pa munthu wina.

Mayi wa mbatatesiyo asakhale mankhwala. Apa ndi pamene olemba ambiri amagwera. Akhale ndi zake: amapikula ku Bembeke, ali ndi ngongole ku banki m'khonde, ali ndi mwana wolipirira fizi. Kukonda bambo ameneyu kumutayitse kanthu, kaya ulemu kumpingo kapena mpamba wa geni. Muwapatsenso chifukwa chokumanira kawirikawiri, monga bamboyo kumamunyamulira matumba panjinga. Akumane kasanu kapena kasanu n'kamodzi asanatchulirane za chikondi, ndipo ulendo uliwonse pasinthe chinachake. Mukaona kuti mwawakumanitsa koma zinthu zili chimodzimodzi, fufutani gawolo.

Za kachasu lembani zoona. Munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka sasiya chifukwa mkazi wamumwetulira. Akasiya mwadzidzidzi manja amanjenjemera, amatuluka thukuta, tulo sabwera, ndipo zimafika poipa pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Ena amakomoka kapena kuona zinthu zomwe palibe, moti amafunika chipatala. Bambo wanu adutse m'menemo. Kenaka abwererenso kumowa kamodzi, mayiyo atayamba kale kumukhulupirira. Kugwa kumeneko ndiko kudzawalekanitse, osati mphekesera kapena kalata yosochera.

Chomwe timachikonda kwambiri pa nkhani yanu n'chakuti ikuchitikira kwathu kuno, kumene ukwati si wa anthu awiri okha. Kuti akafunsire mbeta mwamwambo afunika nkhoswe. Nanga ndani adzamuimire munthu amene anakangana ndi abale ake onse? Pampondachimera pa buku lanu pakhoza kukhala pomwepo: bamboyo akuyenda wapansi kupita kwa atsibweni ake, akukhala pansi, akupepesa za maliro aja, ndipo atsibweniwo sakumuyankha tsiku lomwelo. Akatero apite kukaonana ndi mwana wake uja. Ngati ndi chikamwini, ganizirani kulemera kwake: munthu wozolowera kudzitsekera yekha akupita kukamanga kwawo kwa mkazi, pamaso pa apongozi ndi alamu. Wowerenga adzakhulupirira kuti wasinthadi chifukwa waona zimene walipira.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wa zaka 19 amawerenga mabuku oterewa pafoni mpaka usiku. Ndikuopa kuti akuphunzira kupirira amuna ovuta poganiza kuti adzawasintha. Ndimulande foniyo?
Mayi, Lizulu

YANKHO: Mayi, mantha anuwo ndi omveka, ndipo mabuku ena amaphunzitsadi zimenezo. Koma kulanda foni kungochititsa kuti aziwerengera kwa anzake osakuuzani. Mupempheni akufotokozereni buku limodzi limene walimaliza, ndipo mumufunse zinthu zitatu. Kodi mwamunayo anayamba kusintha yekha, kapena mkazi ndiye ankamukoka? Kodi anakapepesa ndi kubweza kwa anthu amene anawalakwira? Kodi mkaziyo akanati ayi, akanachoka mwamtendere? Buku labwino limayankha bwino mafunso onsewa.

Pali kusiyana pakati pa mwamuna wachisoni ndi mwamuna wankhanza, ndipo mwana wanu ayenera kukudziwa. Kusayankhula, kuthawa anthu ndi kudziona wopanda pake ndi chisoni. Kumenya, kulanda ndalama, kufufuza foni ndi kuletsa mkazi kucheza ndi abale ake ndi nkhanza, ngakhale wolemba atazikometsera kuti ndi nsanje yachikondi. Muno m'Malawi tili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja kuyambira mu 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yolandira madandaulo oterewa. Mumuuze zimenezi momasuka, nthawi yomweyo mukukambirana za bukulo.

FUNSO: Buku lotere likhale lalitali bwanji, ndipo ndiyambire pati?
Mnyamata, Tsangano

YANKHO: Achimwene, pa buku loyamba mawu 25,000 mpaka 30,000 ndi okwanira. Agaweni m'mitu 15, mutu uliwonse mawu pafupifupi 1,800. Mukamalemba mawu 500 patsiku mudzamaliza m'miyezi iwiri. Musanayambe, lembani patsamba limodzi mlandu wa mwamunayo, chimene mkaziyo angataye, ndi tsiku limene adzalekane. Sankhani mfotokozankhani mmodzi, kapena muzisinthanitsa mwamuna ndi mkazi mutu ndi mutu, koma osati pakati pa ndime, chifukwa wowerenga amasokonezeka kuti akumva maganizo a yani.

Mukamaliza, libiseni mwezi wathunthu, kenaka muliwerenge mokweza. Paliponse pamene lilime lakodwa, kapena pamene munthu wa ku Tsangano akuyankhula ngati wa mufilimu, konzani. Mupatse anthu atatu amene si abale anu, mmodzi akhale mayi wachikulire. Likasindikizidwa pa pepala la A5 lidzakwana masamba 100 ndi kupitirirako pang'ono. Za umwini wa buku lanu kafunseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za alembi ndi aluso ena, musanapereke kwa wosindikiza aliyense, ndipo musasaine pangano limene silikutchula chiwerengero cha mabuku osindikizidwa ndi gawo lanu pa buku lililonse logulitsidwa.