Malamulo a 2027 si chilango cha Ducati, mkanganowu unayamba kalekale

Achimwene, mwafunsa ngati Dorna, kampani yoyendetsa MotoGP, mpikisano waukulu wa njinga zamoto padziko lonse, yasintha malamulo a 2027 pofuna kufooketsa Ducati, kampani yopanga njinga ya ku Italy, chifukwa chopambana mowirikiza, komanso ngati makampani opanga njinga ali nayo mphamvu yokana. Ambiri amangoti "ndi nsanje basi". Ine sindikugwirizana nawo, ngakhale pali malo awiri pamene a Ducati akadandaula ndimawamva.

Malamulowa salembedwa ndi munthu mmodzi. Pali komiti yotchedwa Grand Prix Commission, ndipo mumakhala mbali zinayi: FIM, bungwe loyang'anira masewera a njinga zamoto padziko lonse, Dorna, kampani ya ku Spain yoyendetsa mpikisanowu ndi kugulitsa ufulu wouonetsa pa kanema, IRTA yoimira matimu, ndi MSMA yoimira makampani opanga njinga. Pa nkhani ya injini ndi zida, makampani akalankhula mawu amodzi, n'kovuta kuwadutsa. Akagawanika, chigamulo chimagwera m'manja mwa enawo. Gwirani pamenepa, chifukwa mikangano yambiri yatha motere.

Dorna ili ngati mwini bwalo la mpira amene amadya za pachipata: chimene akufuna n'chakuti masewero akhale a mtima bii mpaka kumapeto, kaya apambana ndani. Kampani ngati Honda maganizo ake ndi ena. Iwo amati amabwera kudzaphunzitsa mainjiniya awo ndi kuyesa luso latsopano, ndiye ukawauza kuti aliyense agwiritse ntchito chida chofanana, amafunsa kuti nanga ndalama zathuzi tikutayiranji.

Zinthu zinafika poipa chuma cha dziko lonse chitagwa mu 2008. Kawasaki inalengeza kuti ikuchoka, Dorna n'kuikumbutsa za mgwirizano umene inasaina, ndipo mu 2009 inangosiya njinga imodzi ya Marco Melandri pansi pa dzina la Hayate, kenako zii. Mu 2011 njinga zinatsala 17 zokha, kutha kwa chakacho Suzuki nayo n'kulongedza. Anatsala Honda, Yamaha ndi Ducati, ndipo mtengo umene ankabwereketsera njinga kwa matimu ang'onoang'ono unali woti ambiri sakanaukwanitsa.

Apa m'pamene Carmelo Ezpeleta, mkulu wa Dorna, anachita zimene makampani sanaziyembekezere. Mu 2012 anabweretsa gulu la njinga zotchedwa CRT. Timu inkaloledwa kutenga injini ya njinga yogulitsidwa m'sitolo, monga Aprilia RSV4, BMW S1000RR kapena Kawasaki ZX-10R, n'kuiika m'fulemu yampikisano. Ankawapatsa malita 24 a mafuta pamene a makampani anali ndi 21, ndi mainjini 12 pachaka pamene enawo anali ndi 6. Panalinso lamulo lodabwitsa lakuti injini ya CRT ikhoza kugulidwa mokakamiza pa mayuro 20,000 pamodzi ndi giyabokosi yake, kuti kampani yaikulu isabisale kumbuyo kwa timu yaing'ono n'kuikamo injini yodula. Njinga zimenezi zinali zochedwa, tisanamizane. Aleix Espargaró, amene ankaposa anzake onse a CRT, sankanunkhako n'komwe kutsogolo. Koma njinga zinakwera kufika 21, ndipo uthenga unamveka: mukachoka, mpikisano uchitikabe.

Nkhondo yeniyeni inali pa kompyuta ya m'njinga, ECU. Kabokosi kameneka ndi kamene kamayang'anira mphamvu ya injini. Wokwera akapotokola mafuta akutuluka pakona, kamaona ngati tayala lakumbuyo layamba kuterereka n'kuchepetsa mphamvu m'kuphethira kwa diso, kamaletsanso tayala lakutsogolo kunyamuka. Honda ndi Yamaha anali ndi magulu a akatswiri olemba mapulogalamu a kabokosika, ndipo timu yopanda ndalama zimenezo inali itagonja mpikisano usanayambe. Dorna inafuna kuti onse akhale ndi ECU imodzi ya Magneti Marelli ndi pulogalamu imodzi. Shuhei Nakamoto wa HRC, nthambi ya mipikisano ya Honda, ananena poyera kuti akawakakamiza pulogalamu imodzi Honda ichoka. Sanali mawu ongowanyozera. Kampani yomweyi, imene inali ndi njinga ya 250cc ya masilinda 6, inachokapo itatha nyengo ya 1967, nthawi imene FIM inayamba kuika malire a masilinda ndi magiya, ndipo inabwerera mu 1979.

Anakumana pakati mu 2014. Kabokosi kanakhala kamodzi kwa onse, koma wofuna pulogalamu yakeyake ankapatsidwa malita 20 ndi mainjini 5 osaloledwa kusinthidwa chaka chonse, pamene wovomera pulogalamu ya Dorna, gulu lotchedwa Open, ankapeza malita 24, mainjini 12 ndi tayala lofewa. Gululi analikonzera matimu ang'onoang'ono. Ndiye injiniya Gigi Dall'Igna, amene anali atangofika kudzatsogolera za mipikisano ku Ducati kuchokera ku Aprilia, anawerenga bwinobwino n'kuona kuti palibe mzere woletsa kampani kulowa Open. Ducati inalengeza kuti ikulowa. A Honda anapsa mtima, ndipo kutatsala masiku ochepa kuti nyengo iyambe ku Qatar, komiti inalemba lamulo lina mothamanga: kampani imene sinapambane chaka chapitacho ipatsidwe zopepukira, zizichotsedwa pang'onopang'ono ikayamba kuchita bwino. Onani bwino apa, achimwene. Ducati imene lero akuti ikuponderezedwayi inadzuka ndi malamulo okondera ofooka.

Pulogalamu imodzi inayamba mu 2016, chaka chimene Michelin inalowa m'malo mwa Bridgestone popereka matayala, ndipo Honda sinachoke. Chaka chimenecho anapambana okwera 9 osiyanasiyana. Jack Miller anapambana ku Assen pa timu yaing'ono, Cal Crutchlow ku Brno ndi ku Phillip Island, Maverick Viñales anapatsa Suzuki, imene inali itabwerera mu 2015, chipambano ku Silverstone, ndipo Andrea Iannone anathetsa chilala cha Ducati ku Austria, chimene chinayamba mu 2010. Pa nkhani iyi ine ndimati Ezpeleta ndiye anali wolondola, Nakamoto analakwitsa.

Kuyambira pamenepo makampani akhala akulimbana okhaokha kuposa kulimbana ndi Dorna. Ducati itayamba kumata timapiko kutsogolo kwa njinga mu 2015 kuti mphepo iziikanikizira pansi, ena anati timapikoto tingacheke wokwera pa ngozi. MSMA inalephera kumvana, komiti n'kutiletsa kuyambira 2017. Mainjiniya anangotilowetsa m'thupi la njinga, nkhani n'kupitirira. Ku Qatar mu 2019 Andrea Dovizioso anaposa Marc Márquez ndi masekondi 0.023, ndipo madzulo omwewo Aprilia, Honda, KTM ndi Suzuki anakadandaula za kachida kooneka ngati sipuni kamene Ducati inaika pansi, patsogolo pa tayala lakumbuyo. Ducati inati n'koziziritsira tayala, enawo anati ndi phiko lobisika. Khoti la apilo linati kachidako n'kololedwa. Chondiseketsa mpaka lero n'chakuti posakhalitsa odandaula ena anatulukira ndi masipuni awoawo.

Pamene ndimawamva a Ducati ndi apa. Chida chotsitsa kutsogolo kwa njinga ili pa liwiro anachiletsa kuyambira 2023, iwo atawononga kale ndalama pochikonza, makampani ena asanu atagwirizana zochikana. Kenako mu 2024 kunabwera dongosolo loika makampani m'magulu A mpaka D potengera mmene akuchitira bwino. Ducati, ili mu A, inapatsidwa matayala 170 oyesera ndipo sinaloledwe kulowetsa wokwera wapadera pa mpikisano uliwonse. Honda ndi Yamaha, ali mu D, anapatsidwa matayala 260 ndi ufulu wosintha injini chaka chili mkati. Kumeneko n'kukondera, palibe chobisa. Koma Ducati inavomera, ndipo chaka chomwecho inapambana mipikisano ya Lamlungu 19 mwa 20. Amene analandira thandizo ndi Honda yomwe ija inkati mpikisano ukhale wa luso lokhalokha.

Za 2027 gwero lake ndi liwiro. Brad Binder wa ku South Africa anafika makilomita 366.1 pa ola ku Mugello mu 2023 pa KTM, ndipo mabwalo akale ngati amenewa alibe malo okwanira oti munthu wogwa pa liwiro lotere atsetsereke asanakagunde khoma. N'chifukwa chake injini ikutsika kuchoka pa 1000cc kufika pa 850cc, kukula kwa silinda kuchoka pa mamilimita 81 kufika pa 75, thanki kuchoka pa malita 22 kufika pa 20, mapiko akuchepetsedwa, ndipo zida zonse zotsitsira njinga zikuletsedwa. Inde, zina mwa izi ndi zimene Ducati inatsogola nazo. Koma malamulowa analengezedwa mu Meyi 2024 makampani onse asanu atakhala nawo pa zokambirana, ndipo aliyense wapatsidwa nthawi yofanana yokonzekera.

Za mphamvu yokana, ilipo makampani akakhala pamodzi, ndipo imene sangalandidwe ndi yonyamuka. Suzuki inatenga chikho ndi Joan Mir mu 2020, inasaina kukhala mpaka 2026, koma mu Meyi 2022 inauza timu yake kuti basi. Dorna inatulutsa chikalata chakuti kampani singasankhe yokha zoterezi. Suzuki inachokabe, Álex Rins atapambana mpikisano womaliza wa kampaniyo ku Valencia. Ine mu 2027 maso anga sadzakhala pa injini kwambiri ayi, adzakhala pa matayala, chifukwa Pirelli ikulowa m'malo mwa Michelin, ndipo zonse zimene Ducati inaphunzira pa tayala la Michelin ndi njinga 8 zimene inali nazo mpaka 2024 iyenera kuziyambanso.