Fumbi la nyenyezi zokalamba: mchenga kapena mwaye?

Mayi wina amene amaphunzitsa sayansi kusekondale anditumizira imelo. Akuti ana a Folomu 3 anawapanikiza ndi nkhani ya Betelgeuse, nyenyezi yofiira ija inazilala kumapeto kwa 2019 ndi kuchiyambi kwa 2020 itaphimbika ndi fumbi lake lomwe. Anawo akuti: nyenyezi si moto wokhawokha kodi, nanga fumbilo ndi la chiyani?

Aphunzitsi, nyenyezi ikamakalamba imafufuma, kunja kwake n'kuzizirako, ndipo imayamba kutaya mpweya wake. Mpweyawo ukatalikira n'kutsika kutentha kufika madigiri 1,000 kapena kupitirirako pang'ono, maatomu amagwirana n'kupanga timibulu tosaoneka ndi maso. Kuwala kwa nyenyeziyo kumakankhira timibuluto kutali.

Tsono mtundu wa fumbilo umatengera kaboni ndi okosijeni, ndipo ana anu akagwira mfundo iyi zinazo n'zosavuta. Ziwirizi zikakumana zimamangana zolimba n'kukhala mpweya wa carbon monoxide, moti chimene chili chochepa chimathera momwemo. Chotsalacho ndicho chimaumba fumbi.

Akatsala okosijeni, amagwirana ndi silicon, magnesium ndi chitsulo n'kupanga miyala ya silicate, abale ake a mchenga. Akagwirana ndi aluminiyamu pamatuluka corundum, mwala womwewo umene amakumba paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, umene ukafiira timati ruby. Betelgeuse ili m'gulu limeneli, pamodzi ndi nyenyezi ina yokalamba yotchedwa Mira. Akatsala kaboni, fumbi lake ndi mwaye weniweni, wosakanikirana ndi silicon carbide, amene ndi silicon wogwirana ndi kaboni. Nyenyezi ya CW Leonis, imene inatulukiridwa mu 1969, inadzikuta mwaye wochuluka moti pa makina wamba oonera kutali imangooneka mwachizimezime, koma mu kuwala kwa infrared, kumene maso athu sakuona koma makina apadera amakuona, ndi imodzi mwa zowala kwambiri kumwamba konse.

Nyenyezi imodzi ikhoza kusamuka gulu. Zina zolemerako kuposa dzuwa zimayamba ndi okosijeni wambiri, kenako kaboni wopangidwa mkati kuchokera ku mpweya wa helium amavundukira pamwamba kangapo konse mpaka kupitirira okosijeni uja. Fumbi lamwala limalekeka, n'kuyamba la mwaye.

Mwana wochenjera afunsa kuti tadziwa bwanji poti palibe anafikako. Fumbi lililonse lili ndi chizindikiro chake mu infrared, malinga ndi kutalika kwa mafunde a kuwalako kumene timayeza ndi kamuyeso kotchedwa maikiloni: silicate pa mamaikiloni 9.7, silicon carbide pa 11.3. Koma umboni umene ine ndimaukonda ndi wogwirika ndi manja. Mu 1969 mwala wochokera kumwamba unagwa pafupi ndi Murchison ku Australia, ndipo mkati mwake munapezeka timibulu ta silicon carbide topangidwa ndi nyenyezi zimene zinafa dzuwa lisanakhaleko. Mu 2020 wasayansi Philipp Heck ndi anzake anayeza zaka za timibulu tina n'kupeza kuti takale kwambiri tingafike zaka mabiliyoni 7, pamene dzuwa lili ndi zaka mabiliyoni 4.6.