Mizere ya pa zithunzi za mwezi, ndi nyimbo zomwe sizinachokere kumeneko

Imelo ya lero yachokera kwa mnyamata wa ku Matero amene amapanga ma beat pa laputopu kuchipinda kwake. Akuti anaonera kanema pa YouTube wa zithunzi zakale za mwezi, zonse zili ndi mizere ngati malata, kwinaku kukulira nyimbo yamakina yopanda mawu. Akufunsa kuti: "Kodi mizere ija si umboni woti zithunzizo anazipangira mu studio? Nanga phokoso lija analijambula kumwezi komweko?"

Achimwene, ndiyambe ndi funso lachiwiri poti ndi lalifupi. Kumwezi kulibe mpweya woti phokoso liyendemo. Mutati muimbe ng'oma kumeneko, mnzanu woima pafupi angoona manja akuvutika. Zonse munamvazo zinapangidwa pansi pompano.

Za mizere ndiye mwandifika pamtima, chifukwa ine ndinakulira mu studio ya amalume ku Kamwala, kotsuka zithunzi. Filimu tinkaitulutsa mu kamera mumdima wa ndiweyani, kungopapasa ndi zala, ndipo fungo la mankhwala silinkachoka m'manja ngakhale usambe kangati. Tsono taganizani kachipinda kameneko atakapanikiza m'bokosi n'kukatumiza kumwezi popanda munthu. Ndi zomwe a NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, anachita ndi zombo zisanu zotchedwa Lunar Orbiter, choyamba mu Ogasiti 1966, chomaliza mu Ogasiti 1967. Ankafuna malo osalala oti anthu a Apollo, pulogalamu yawo yotumiza anthu kumwezi, akatere, pakuti sungatumize mwana wa eni kukatsika pamalo pomwe sunapaone.

Kamera inali ya Kodak, ya maso awiri, lina la mamilimita 610 loonera pafupi, lina la mamilimita 80 loona dera lalikulu, ndipo inkajambula pa filimu ya mamilimita 70. Poti chombo chinkathamanga kwambiri, filimuyo ankaisuntha pang'ono pa nthawi yojambula kuti chithunzi chisachite chimbuuzi. Ikajambulidwa, makina ankaikanikiza ndi lamba wonyowa mankhwala, n'kuiumitsa momwemo. Koma filimu sinkabwerera kuno, ndipo zombo zonse zisanu zinathera pogwera pamwezi. Ndiye chithunzi chinkafika bwanji?

Kakuwala kakang'ono kankayenda pa filimuyo kachigawo kachigawo, kalikonse kosakwana mamilimita 3 m'lifupi. Poyera ndi pakuda pankasanduka mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, n'kutumizidwa pa wailesi ku masiteshoni a Goldstone ku America, Madrid ku Spain ndi Woomera ku Australia. Pansi pano ankazibwezeranso pa filimu, n'kumayala tizigawoto m'mbalimbali ngati telala wolumikiza zidutswa za chitenje. Mizere munaona ija ndi misoko. Wopeka chithunzi mu studio akanayamba ndi kubisa msoko, monga ankachitira amalume mkwati akadandaula za chipsera pa tsaya.

Zombo zitatu zoyamba zinasakasaka malo otera, ziwiri zomaliza zinazungulira cha kumpoto ndi kummwera kwa mwezi kuti zijambule ponseponse. Pomaliza, magawo 99 pa 100 a mwezi anali pa mapu, kuphatikizapo mbali yomwe sitiiona tili kuno, imene chombo cha Soviet Union, Luna 3, chinayamba kuijambula mu Okutobala 1959 koma mosaoneka bwino. Pa 23 Ogasiti 1966 Lunar Orbiter 1 inatembenuka n'kujambula dziko lathu likuonekera pamwamba pa mwezi. Nthawi imeneyo dziko la Zambia linali lisanakwanitse zaka ziwiri, ndipo a Edward Makuka Nkoloso, mphunzitsi amene ankafuna kutumiza anthu a ku Zambia kumwezi, anali atagubuduza kale anyamata awo m'migolo pophunzira za ulendo wa kumwezi. Anthu amawaseka a Nkoloso, koma ine ndimati mutu wawo unali pomwe panali mitu ya dziko lonse.

Tibwerere ku nyimbo. N'chifukwa chiyani tikangomva "wuuuuu" timaganiza za nyenyezi? Tinachita kuzoloweretsedwa. Cha m'ma 1920 Leon Theremin wa ku Russia anapanga chida chotchedwa theremin, choimba osachikhudza: umangoyendetsa manja pafupi ndi tizitsulo tiwiri, mawu n'kumakwera ndi kutsika mosadukiza. Mu 1947 kunatuluka chimbale cha theremin chotchedwa Music Out of the Moon, ndipo Neil Armstrong anatenga nyimbo zake pa kaseti pa ulendo wa Apollo 11 mu Julayi 1969. Ndiye onani, nyimbo "ya kumwezi" inachita kunyamulidwa kuchokera kuno.

Inu wa ku Matero, nyimbo imene ikukukhudzani kwambiri ndi Telstar ya gulu la The Tornados, ya mu 1962, yomwe dzina lake linachokera ku setilaiti yoponyedwa chaka chomwecho. Joe Meek anaijambulira m'nyumba yomwe ankagonamo, pamwamba pa sitolo mumsewu wa Holloway ku London, ndi kakiyibodi kotchedwa clavioline, ndipo inakafika pa nambala 1 ku Britain ndi ku America komwe. Kenako kunabwera synthesizer ya Robert Moog, makina opanga mawu a nyimbo ndi magetsi. Nyimbo ina ya pa Moog, Popcorn ya Gershon Kingsley ya mu 1969, yomwe inatchuka gulu la Hot Butter litaiimbanso mu 1972, mwina munaimvapo osadziwa dzina, kaphokoso kake kongothetheka ngati chimanga pa mbaula. Ine mwa zonsezi ndimakonda chimbale cha Brian Eno chotchedwa Apollo, cha mu 1983, chomwe anapanga ndi mng'ono wake Roger komanso Daniel Lanois. Muli gitala wotsetsereka wa nyimbo za country, ndipo kwa ife amene tinakula bambo akutsegula country Lamlungu lililonse, mwezi wa Eno umamveka ngati pakhonde kumudzi ku Chipata.

Chomwe ndikufuna mugwire ndi ichi: chithunzi cha Lunar Orbiter ndi kulira kwa Moog ndi ana a mimba imodzi. Zonse ndi magetsi okwera ndi kutsika, osungidwa pa tepi. Zija zochokera kumwezi zinajambulidwanso pa matepi, ndipo mayi wina wa ku NASA, Nancy Evans, anawateteza kuti asatayidwe, n'kusunganso makina a Ampex owerengera matepiwo mu galaja yake. Mu 2008 kagulu kotsogoleredwa ndi Dennis Wingo ndi Keith Cowing kanakonza makinawo m'nyumba yomwe kale inali McDonald's pa malo ofufuzira a NASA otchedwa Ames, ku California. Zithunzi zinatuluka zowala kuposa zomwe anthu anaona mu 1966, mizere yambiri itafafanizidwa ndi kompyuta.

Fufuzani chithunzi cha dzenje la pamwezi lotchedwa Copernicus cha mu Novembala 1966, chakale ndi chokonzedwa, muziike pamodzi pa laputopu yanuyo. Magetsi akabwera usiku uno, tengani liwu limodzi lokha, mulikokere m'mwamba pang'onopang'ono, ng'oma muzisiye kaye, ndipo zomwe zitulukezo munditumizire ndimve.