Achimwene, musanalipire kalavani ija, kainunkhizeni kaye

Achimwene, mwati mwapeza makalavani (ngolo zogonamo zokokedwa ndi galimoto) awiri ogwiritsidwapo kale ntchito, ya Bailey yokhala ndi bedi lalikulu lokhazikika kumbuyo ndi ya Swift ya mabedi osanjikizana, ndipo mukufunsa yoti mutenge poti muli ndi ana atatu amene mukufuna muzipita nawo ku Wales ndi ku Lake District sukulu zikatsekera. Ndaona anzathu ayamba kale kukokana, uyu Bailey uyu Swift, ngati nkhani ya Bullets ndi Wanderers. Makampani onsewa ndi akale ndipo amadziwa ntchito, Bailey ku Bristol, Swift kufupi ndi Hull. Koma kalavani ikakhala kuti yadya zaka panja pa mvula ya kuno ku UK, dzina silikuuzani zambiri. Chimene chimapha kalavani ndi chinyontho.

Mukafika kwa wogulitsa, tsegulani chitseko, lowani, mutseke, muime kaye phee. Mukamva fungo la chuku, kapena fungo lamphamvu la mankhwala onunkhiritsa omwe angopopera kumene, mtima ukhale m'mwamba. Kenako tsegulani makabati onse a m'mwamba, mugwire m'makona momwe khoma lakumana ndi denga. Dinani khoma ndi chala pansi pa zenera lililonse, makamaka mazenera a kutsogolo, ndiponso mozungulira chitseko. Khoma labwino limakhala gwa. Likabonyoka, madzi analowa kalekale. Nyamulani makushoni muone pansi pa mipando, ndipo yendani pang'onopang'ono kuyambira pakhomo mpaka kukhitchini. Pansi pakamanyendera kapena kulira, ndiye kuti matabwa ake ayamba kulekana.

Makalavani akale ankamangidwa pa mafelemu a matabwa, kunja n'kukuta ndi malata a aluminiyamu. Zomatira za m'malumikiziro zikauma ndi kung'aluka, madzi amalowa n'kumawoletsa matabwa mkati, kunja kukuoneka kowala bwinobwino. Bailey inasintha kamangidwe mu 2009 ndi njira yotchedwa Alu-Tech, ndipo Swift inabweretsa yake ya SMART patapita zaka zingapo, zonse pofuna kuchepetsa matabwa m'makoma. Choncho funsani chaka chimene iliyonse inapangidwa. Komabe musaganize kuti zatsopanozi sizidontha, mphira wa pazenera amakalamba basi. Kachipangizo koyezera chinyontho sikodula. Kakasonyeza pansi pa 15 peresenti palibe vuto, kakadutsa 20 pafunika kufufuza, kakafika cha ku 30 ingotsanzikani. Kuno kalavani ilibe MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka kumene boma limalamula pa magalimoto, ndiye palibe amene amakakamiza mwini wake kuipititsa kokayeza. Umboni wokha ndi mapepala a sevisi ya chaka ndi chaka, omwe amakhala ndi lipoti la chinyontho. Akakuuzani kuti mapepala anasowa posamuka, lipirani makaniko wa m'gulu la Approved Workshop Scheme akaione musanatulutse ndalama.

Tsopano za mkati. Bedi lokhazikika lija ndi lokoma, sindikana, ndipo amayi akunyumba akaliona adzalikonda. Koma ganizani za 8 koloko madzulo, kunja mvula ikugwa, ana akufuna kugona. Mu Bailey imeneyo ana agona kutsogolo pomwe pali mipando, ndiye kuti mipando yasanduka bedi, inu awiri mulibenso pokhala. Mugona nthawi ya ana kapena mukhala pabedi panu mumdima kunong'onezana. Komanso onetsetsani kuti ndi ya anthu angati, chifukwa ambiri a bedi lokhazikika ndi a anthu anayi okha, inu muli asanu. Ya mabedi osanjikizana ana amakhala ndi mbali yawo kumbuyo, mumakoka katani, kutsogolo n'kukhala kwanu mpaka tulo titabwera. Vuto lake ndi loti bedi lanu muziyala usiku uliwonse ndi kuyalula m'mawa. Ena zimawatopetsa, ine ndimaona kuti n'zopiririka.

Popita kukaona mutenge ana onse. Wamkuluyo agone pabedi losanjikizana, atambasule miyendo. Mabedi amenewa ena ndi aafupi ndiponso ali ndi malire a kulemera kwa munthu, ndiye mwana wa zaka 11 lero akhoza kusakwanapo pakangotha zaka ziwiri. Onaninso njira ya kuchimbudzi usiku: kodi munthu adumpha mnzake? Lowani m'bafa mutseke chitseko, mukhale pachimbudzipo muone ngati maondo akukwana. Musachite manyazi, ogulitsa anazolowera.

Kukhitchini nako, ife si anthu a sangweji. Ikani pa mbaulapo poto amene mumaphikira nsima ya anthu asanu, muone ngati patsala malo a poto wa ndiwo, komanso ngati chigongono chili ndi potakasira. Nthunzi ya nsima ndi nyemba m'kachipinda kotere imasanduka madzi m'makoma, ndiye pamwamba pa mbaula pakhale kazenera ka padenga kotseguka bwino. Ambiri timathera kuphikira mu tenti yolumikiza m'mbali ija amati awning. Muuzeni wogulitsa ayatse filiji pa gasi ndi pa magetsi, ayatsenso chotenthetsera, kaya ndi Truma kaya Alde, inu mukuona. Zimenezi zikafa, kukonza kwake kumaluma thumba.

Simunatchule galimoto yanu, ndipo mwina ndi imene ithetse nkhani yonseyi. Pafupi ndi chitseko cha kalavani pali kachitsulo kolembedwa manambala. MTPLM ndi kulemera kwake konse kololedwa itadzaza katundu, MiRO ndi kulemera kwake pochoka ku fakitale. Kwa oyamba kumene kukoka, malangizo a makalabu a makalavani ndi oti MTPLM isapitirire 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Galimoto ya makilogalamu 1,600 ndiye kuti kalavani isadutse 1,360, ndipo makalavani ambiri a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amaposa pamenepo. Si lamulo la boma, koma malire amene wopanga galimoto analemba ndiwo simungawadumphe. Mukachotsa MiRO pa MTPLM mupeza katundu amene mungaikemo, kawirikawiri makilogalamu 150 kapena kuposerapo pang'ono. Batire, awning, kamakina koyendetsera kalavani ndi rimoti, zovala za anthu asanu, thumba la ufa, malo atha. Pa laisensi, kuyambira pa 16 December 2021 ku England, Scotland ndi Wales laisensi wamba ya galimoto imalola kukoka ngolo yofika makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena, koma kubwerera m'mbuyo ndi kalavani sikubwera ndi laisensi, kaphunzireni ndithu. Pa motorway liwiro lisapitirire mamailosi 60 pa ola, m'misewu yopanda chogawa pakati 50, ndipo magalasi owonjezera a m'mbali muziika.

Matayala musawaone mapazi okha. M'mbali mwake muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Likakwana zaka zisanu lisinthidwe ngakhale likuoneka latsopano, chifukwa limang'aluka ndi kungokhala. Ndipo musanapereke ngakhale dipoziti, tengani nambala ya zilembo 17 yolembedwa pa mazenera ndi pa chasisi, muifufuze ku CRiS, kaundula wa makalavani amene anayamba mu 1992. Mudziwa ngati inabedwa, ngati ili ndi ngongole, ndiponso ngati amene akugulitsayo ndi mwini wakedi. Zenera lina likakhala ndi nambala yopalidwa, musafunsenso zambiri.

Kukanakhala kuti ndine, ndi ana atatu, ndikanatenga ya mabedi osanjikizana, pokhapokha ikhale youma ndipo galimoto iikwanitse. Bedi lokhazikika mudzagula ana akadzapita ku yunivesite. Lembani pansipa mtundu wa galimoto yanu, zaka za ana, ndi MTPLM ya makalavani onse awiri, tiwerengere limodzi.