Funsani a Dokotala: Ngati shuga salowa m'maselo, amawononga bwanji maso?

Funso: A Dokotala, ku kiliniki anatiphunzitsa kuti insulini wathu sagwira bwino ntchito, n'chifukwa chake shuga amangozungulira m'magazi osalowa m'maselo. Nanga ngati salowa, maso ndi impso amaziwononga bwanji? Ndine bambo wa ku Chibavi.

Yankho: Bambo, anakuphunzitsani zoona, koma amanena za minofu ndi mafuta a m'thupi. Shuga asanafike pa chiwalo chilichonse amayamba wadutsa khoma la kamtsempha ka magazi, ndipo makoma amenewa safanana.

M'kati mwa mtsempha uliwonse mwayalidwa maselo opyapyala, mzere umodzi wokha, otchedwa endothelium. Shuga sangaboole selo payekha, amafunika puloteni yomulowetsa. Ya m'minofu ndi GLUT4, yomwe imabisala m'kati mpaka insulini ataiitanira pamwamba. Ya m'maselo a mitsempha ndi GLUT1, ndipo iyi siyembekezera insulini. Ili ngati khomo lopanda chitseko: shuga akakwera m'magazi, amakweranso m'kati mwa maselowa. Apa ndiye pagona nkhani yanu.

Maselowa ndi okonda shuga kale. Mu 2013 gulu la asayansi lotsogozedwa ndi Peter Carmeliet ku Leuven, m'dziko la Belgium, linapeza kuti pafupifupi 85 peresenti ya mphamvu zawo imachokera pa kuswa shuga popanda okosijeni. Koma akapyola muyezo kwa zaka, shuga wina amamatirira ku mapuloteni, maselo amatulutsa zinthu zowapweteka okha, ndipo nitric oxide, amene amamasula mtsempha kuti magazi ayende bwino, amachepa.

Kuseri kwa diso, pa retina, maselowa ndi ogwirana zolimba, moti shuga amadutsa m'kati mwawo basi. Akavulala, timaselo tochirikiza kamtsempha kunja timafa, kamtsemphako kamatupa timatuza, kenako kamadontha madzi kapena magazi. Chodandaulitsa n'chakuti poyamba diso silipweteka ndipo munthu amaona bwinobwino. Musadikire chifunga m'maso. Kayezetseni chaka chilichonse, monga ku Mzuzu Central Hospital, akudonthezereni mankhwala okulitsa mwanadiso kuti aone mkatimo.

Mu impso zinthu n'zosiyana. Timitsempha tosefa magazi tili ndi timabowo, ndipo tsiku lililonse timasefa madzi okwana malita 180, shuga ali momwemo. Impso imamubweza yense m'magazi, koma akapyola pafupifupi 10 mmol/L (muyezo wa shuga m'magazi) imalephera, wina n'kutsikira mumkodzo atakoka madzi. Ndiko kukodza pafupipafupi kuja, ludzu losatha, ndi nyerere zounjikana pamene munthu wakodza. Sefayo ikayamba kuwonongeka, chizindikiro choyamba ndi puloteni ya albumin mumkodzo, choncho mkodzonso uziyezedwa chaka ndi chaka. Kuthamanga kwa magazi kumawonjezera vutoli, musakunyalanyaze.

Za chiwindi n'zachidule: mabowo ake ndi otseguka, shuga amalowa ndi kutuluka mosavuta. Koma za minofu dziwani ichi: ikamagwira ntchito, GLUT4 imabwera pamwamba ngakhale popanda insulini. Kuyenda ndawala mukatha kudya nsima kumatsitsadi shuga.

Funso: Amuna anga amamwa glibenclamide, mankhwala otsitsa shuga. Tsiku lina atachedwa kudya anayamba thukuta, kunjenjemera ndi kuyankhula zosamveka. Chinachitika n'chiyani? Ndine mayi wa ku Luwinga.

Yankho: Mayi, shuga anatsika ndipo ubongo unasowa chakudya. Mitsempha ya mu ubongo ndi yomatana kuposa ina yonse, shuga amalowera pa GLUT1 pokha. Puloteniyi sipopa, imangomulola kuchoka kumene ali wambiri kupita kumene ali wochepa, ndiye akatsika m'magazi, wolowa amachepa nthawi yomweyo. Ubongo umafuna magalamu pafupifupi 120 patsiku ndipo susunga wokwanira.

Makina oyezera shuga akaonetsa pansi pa 3.9 mmol/L, kapena mukaona zizindikirozo makina palibe, sungunulani masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, amwe. Pakatha mphindi 15 yezaninso. Ngati shuga sanakwere, bwerezani. Akatsitsimuka adye chakudya chenicheni. Ngati akomoka musawathire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Agonekeni chammbali n'kuthamangira nawo kuchipatala. Glibenclamide amakhalitsa m'thupi, shuga akhoza kutsikanso tsiku lomwelo, choncho kafotokozeni ku kiliniki aunikenso mlingo wa mankhwalawo.