Mwambo ndi lamulo la boma, chachikulu ndi chiti?

Amayi ena a ku Chawama, mu Lusaka, anditumizira imelo, akuti amuna awo anamwalira osalemba wilu, ndiye akuchimuna akuti nyumba ndi katundu yense ndi zawo poti "ndi mwambo wathu". Akufunsa ngati mwambo nawonso ndi lamulo.

Pepani ndi maliro amayi. Eya, mwambo ndi lamulo, Constitution yathu ya Zambia imauvomereza, koma uli pansi. Pamwamba pa zonse pali Constitution yomweyo, ija anaisintha mu 2016 n'kubweretsa ConCourt (khoti la nkhani za Constitution) ndi Court of Appeal (khoti la apilo), kenako ma Act amene aphungu amapanga ku Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill, ndi ma SI (Statutory Instrument), malamulo ang'onoang'ono amene nduna zimasainira kuchokera mu ma Act omwewo, palinso zigamulo za majaji akuluakulu zimene makhoti ang'onoang'ono amatsatira, komanso malamulo a ku England amene atsamunda anatisiyira, ena akale osafika ndi 1911 yomwe akugwirabe ntchito kuno, zoseketsa koma ndi momwemo. Mwambo ukasemphana ndi lamulo lolembedwa, mwambowo ndiwo umagonja.

Pa nkhani yanuyi lamulo lolembedwa lilipo, Intestate Succession Act ya 1989. Limati 20 peresenti ndi ya mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 ya ana, 20 ya makolo a malemu, 10 ya amene malemuwo ankawasunga. Alamu anu amene ali ndi makomo awo mulibemo umu. Nyumba ndi yanu ndi ana, mukhalamo moyo wanu wonse pokhapokha mutakwatiwanso. Koma munda wa kumudzi umene uli m'manja mwa mfumu lamuloli siliukhudza, kumeneko ndiye mwambo uli ndi mawu.

Pamene anthu ambiri amaberedwa ndi pa administrator. Banja limasankha munthu, khoti n'kumupatsa pepala, basi iye ayamba kuyenda ndi makiyi a galimoto m'thumba ngati wapata mgodi. Ayi ndithu, ntchito yake ndi kusonkhanitsa katundu, kulipira ngongole za malemu ndi kugawira eni ake, akadya mutha kubwerera kukhoti akamuchotse. Inunso mutha kukhala administrator, musalole akuuzeni kuti ndi za amuna okha.

Ku Local Court maloya saimirira anthu, mumadzilankhulira nokha m'chilankhulo chanu, choncho musaope za ndalama za loya. Mapepala a nyumba ndi a imfa asachoke m'manja mwanu, wina akapempha mupatseni fotokope. Akayamba kunyamula mipando thamangirani ku Victim Support Unit pa polisi, nkhani ikakula kuli Legal Aid Board, bungwe lothandiza anthu osowa ndalama za loya.