Musanagule nsomba ngakhale imodzi, zulani pulagi muone

Achimwene, mndandanda wa zipangizo za thanki yanu ya nsomba za m'madzi a mchere ya masentimita 180 ija ndauwerenga kawiri. Nyale zilipo, skimmer yochotsa zonyansa m'madzi ilipo, ma wavemaker (timapampu toyendetsa madzi m'thanki), miyala, mchere, zonse bwino. Koma palibe pomwe mwalemba zomwe zidzachitike magetsi akadzathima inu muli kuntchito. Ine pamenepo ndi pomwe ndinagwera, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la kapeti yonyowa m'mimba mumanditembenuka.

Ndinayamba ndi mbuna. Mwana wokulira ku Chembe, kufika ku Johannesburg n'kupeza tinsomba tomwe tinkatithamangitsa m'miyala posambira tili m'shopu ndi mtengo wake pagalasi, ndinaseka koma ndinagula. Zaka 6 ndikuziweta. Mbuna ndi zokhululuka. Madzi a pampopi, kamankhwala kochotsa chlorine, basi. Magetsi athime maola 4, zimangokuyang'ana. Zinandipatsa matama, ndinkati nsomba ndi nsomba, za m'madzi a mchere zingandivute chiyani ine wa kunyanja.

Mu 2022 ndinapangitsa thanki ya masentimita 150 mulitali, 60 mulifupi, 60 kutalika, malita 540, galasi la mamilimita 12, sump (kathanki komwe madzi amatsikira kukasefedwa, pampu n'kuwabweza) pansi m'kabati. Anandipangira ndi bambo wina amene anthu ankamutama kuti silicone wake ndi waukhondo. Waukhondo analidi, pamenepo sindinama. Koma paipi yobweza madzi kuchokera mu sump anayilowetsa masentimita 6 pansi pa madzi, akuti kuti isamachite phokoso. Ndinamufunsa, chifukwa ndinali nditawerengako pang'ono, kuti bwanji osaboola kabowo kolowetsa mpweya kuti pampu ikaima madzi asabwerere pansi? Anandiseka. Anati zimenezo ndi zachikale, wandiikira check valve, kachivalo kolola madzi kupita mbali imodzi yokha, madzi sangadutse ngakhale dontho. Anayankhula ngati ndine mwana wofunsa chifukwa chake dzuwa limalowa. Ine n'kukhala chete, poti munthu wapanga mathanki ambiri.

Tawerengani nane. Pamwamba pa thanki yanga sentimita imodzi ya madzi ndi malita 9. Paipi ili masentimita 6 pansi, ndiye kuti pampu ikaima, paipi ija imasanduka ngati ija timapopera petulo m'chigubu, imakoka malita 54 kufikira kukamwa kwake kutatulukira pa mpweya. Sump yanga inali ya 90 kwa 40, malo otsala pamwamba masentimita 8, malita osakwana 30. Enawo apite kuti? Masamu a Sitandade 5, koma ine sindinawachite, ndinadalira kachivalo ka pulasitiki.

Miyezi 8 chinthucho chinagwira ntchito. Magetsi ankathima kawirikawiri nthawi imeneyo, nonse mukukumbuka, ndipo valavu inkatseka bwinobwino, ine n'kumati mkulu uja ankanena zoona. Zomwe sanandiuze n'zoti m'madzi a m'nyanja ya mchere chilichonse chimamera moyo. M'kati mwa valavu munamera tinkhono tija timamanga timachubu tolimba, pamodzi ndi ndere zoterera. Kamodzi kokha kakwanira kuti chivalo chisakhale bwino pampando wake.

Sabata ija ya July 2023 yomwe kunagwa chipale ku Johannesburg, pa 10, anthu akujambula m'misewu. Masiku awiri pambuyo pake ndinali pa shifiti ya usiku. Magetsi anathima 10 koloko, maola awiri okha monga mwa ndandanda. Madzi anabwerera mu sump mwakachetechete, anadzadza, anasefukira, analowa mu ekisitenshoni yomwe inali pansi kuseri kwa kabati. Magetsi atabwera pakati pa usiku, swichi ya earth leakage, ija yodula magetsi akakhudzana ndi madzi, inagwa, nyumba yonse mdima. Mayi a ana anadzuka cha m'ma 2, anaona kuli bii, anangoti sanabwerebe, n'kufundanso bulangete. Ndingawanene chiyani? Aliyense akanaganiza chimodzimodzi.

Ndinalowa m'nyumba hafu pasiti sikisi. Phazi loyamba pakapeti, chwaa. Chinthu chachiwiri chomwe ndinamva ndi chete. Inu amene muli ndi thanki mukudziwa kuti nyumba simakhala zii, pamakhala kaphokoso ka madzi otsika, ka skimmer, kamene umasiya kukamva. Tsiku limenelo kunalibe. Ndinayatsa tochi ya foni n'kuwalitsa pagalasi. Blue tang wanga, amene ndinamulera kuchokera pa msinkhu wa ndalama yachitsulo, anali atagona chammbali pamchenga, makha akutsegula pang'onopang'ono. Foxface anali atapita kale, minga yonse ili njo, thupi lamawangamawanga a bulauni. Nkhanu zotsuka zija, ma cleaner shrimp awiri, zili chagada. Ma clownfish awiri omwe ana anawapatsa mayina ali pamwamba penipeni, milomo kunja, kupempha mpweya. Thermometer ikuti 20, pomwe imakhala 25. Koma chomwe chinazipha si kuzizira kokha ayi, ndi mpweya. Madzi a mchere amasunga oxygen wochepa kusiyana ndi a kwathu kunyanja, ndipo usiku makorali, mabakiteriya a m'miyala, chilichonse chimapuma nawo. Maola oposa 8 madzi ali duu.

Ndiye apa ndi pomwe ndinamalizitsa ndekha. Ndinazula ekisitenshoni yonyowayo, ndinakweza swichi, ndinakoka chingwe china kuchokera kukhitchini n'kulumikiza zonse nthawi imodzi, mtima uli m'mwamba, osayang'ana. Anemone wanga, kanyama ka m'nyanja konga duwa, bubble tip wofiira uja ndinkamujambula tsiku ndi tsiku, anali atasiya mwala wake usiku, akungoyandama kufuna malo abwino. Wavemaker itangoyaka inamukoka. Ndinaona ndi maso angawa akulowa m'mapiko a pampu, n'kutuluka mbali inayo ngati phala. Pa mphindi imodzi madzi onse anayera ngati mwathiramo mkaka. Fungo lake, achimwene, usipa wowola pa dzuwa umanunkhira. Mwana wanga wamng'ono waima pakhomo ndi yunifomu, akundifunsa kuti adadi, nsomba zikugona? Ine nditagwada m'madzi, neti m'manja, ndikuvuula tizidutswa.

Pamafunika kusintha madzi ochuluka pomwepo. Ndinali ndi malita 20 okha osakaniza kale. Makina a RO osefera madzi a pampopi amadontha ngati mpopi wa kumudzi nthawi ya chilimwe, ndipo madzi akazizira amachedwa kuposa apo. Shopu imatsegula 9 koloko. Ndinakhala pagalimoto panja pa shopu ndi zigubu zisanu ndi chimodzi kuyambira 8, ndisanagone, ndikununkha. Pobwerera tang anali atauma. Royal gramma sindinamupeze, anafera m'kati mwa miyala, ndipo ammonia anakwera masiku atatu otsatira chifukwa cha iye ndi zotsalira za anemone. Makorali a hammer ndi torch anayamba kutuluka chinthu chabulauni chonga jamu, mutu umodzi lero, wina mawa, fupa loyera n'kutsala. Korali ya Montipora inasenda ngati utoto wakale. Zinatsala ndi makorali a zoa ndi a mushroom, ndi ma clownfish aja, omwe sadziwa kufa.

Pansi pathu pamakhala gogo wina. Madzi a mchere anamudonthera pasiling'i, banga lake lachikasu, dipoziti yanga inathera pamenepo. Mayi a ana sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti ndalama zonsezi tikanafolera nyumba ya kumudzi ija. Ndilibe yankho mpaka pano.

Nditamuimbira wopanga thanki uja, mukudziwa zomwe ananena? Akuti check valve imafuna kutsukidwa mwezi uliwonse, kodi sanandiuze? Sanandiuze! Komanso anayimata ndi guluu pakati pa mapaipi, popanda union yomasulira, ndiye ndikanayitsuka bwanji, ndi mapemphero? Asanadule foni n'kundiuza kuti akugulitsa ma inverter, atha kundichotserako pang'ono. Munthu wopanda manyazi ngati ameneyo sindinamuonepo. Anthu oterewa amakupangira thanki yooneka bwino tsiku lojambula chithunzi, za usiku wa July si zawo. Inde, ekisitenshoni pansi ndinayiika ndine, wavemaker ndinayatsa ndine, koma madziwo akanakhala m'malo mwake zonsezo sizikanafika.

Ndiye inu. Thanki yanu sentimita imodzi ndi pafupifupi malita 11. Yezani kuti kukamwa kwa paipi yobweza kuli pansi bwanji, chulukitsani, onjezani madzi a m'mapaipi ndi omwe amatsika pa overflow (potsikira madzi kupita mu sump), ndipo sump ikhale ndi malo opanda kanthu oposa pamenepo. Paipiyo ikhale pafupi ndi pamwamba, boolani kabowo ka mamilimita 3 kapena 4 pansi pang'ono pa mzere wa madzi, muzikatokosa ndi kamtengo chifukwa nako kamatsekeka. Mukamaliza dzadzani madzi a pampopi, mchere usanalowe, yatsani zonse, kenako zulani pulagi pakhoma n'kukhala pansi kuyang'ana mphindi 20. Chitani katatu. Pomwe madzi akuyambira mu sump lembani mzere ndi maka, musadzapyole. Check valve ikani ngati mukufuna, inenso ndinaikanso ina ya ma union, koma poyesa muichotse, muone ngati sump ikukwanabe.

Mapulagi onse m'mwamba, okhomeredwa, chingwe chilichonse chiyambe chatsika kenako chikwere kuti dontho ligwere pansi. Batire yoyamba ipite ku wavemaker imodzi yoloza pamwamba pa madzi, osati ku hita. Hita ya mawati 300 imamwa batire ngati mowa wa pa ukwati, pomwe kapampu kamatha usiku wonse. Kuzizira mufundike thanki ndi mabulangete. Ndipo mgolo wa malita 100 a madzi osakaniza kale uzikhala pakona nthawi zonse, ngakhale akunyumba adandaule.

Zina mwachangu. Madzi okha a thanki yanu ndi makilogalamu oposa 660, mukaonjeza galasi, miyala, sump ndi kabati mukuyandikira tani imodzi. Ngati pansi ndi pa matabwa kapena muli m'mwamba, funsani wodziwa zomanga, osati wa shopu ya nsomba. Mchere ndi magalamu pafupifupi 35 pa lita, kudzadza koyamba kudya makilogalamu oposa 20. Yezani mcherewo ndi chida chotchedwa refractometer, 1.025 mpaka 1.026, ndipo muziyiwongola ndi madzi ake oyesera a mchere wa 35, tizida toyezera tija ta pulasitiki ta muvi timanama. Madzi akauma mchere sutuluka nawo, onjezerani a RO opanda mchere. Alkalinity pafupi ndi 8, calcium 420 kapena kuzungulira pamenepo, magnesium cha m'ma 1300, koma musathamangitse manambala, chofunika asamadumphedumphe. Masabata 4 mpaka 6 oyamba thanki ikhale ndi miyala yokha mpaka ammonia ndi nitrite zifike 0. Nsomba iliyonse iyambe yakhala m'kathanki kena, chifukwa matenda a mawanga oyera akalowa m'thanki yaikulu simungathire mankhwala a copper, amapha makorali ndi nkhanu, mudzavuula nsomba zonse n'kudikira masiku 76 mukuyang'ana miyala. Makorali a zoa ndi a paly muziwagwira ndi magolovesi, ena ali ndi poizoni wa palytoxin, ndipo mwala wochokera m'thanki osauwiritsa pa sitovu, nthunzi yake yagonekapo mabanja athunthu m'chipatala.

Amene akukuuzani kuti yambani ndi kakang'ono ka malita 60 musawamvere. Thanki yaikulu imakhululuka, madzi ambiri sasintha msanga, pitani nayo 180 yanuyo. Galasi musamate nokha, pezani munthu wodziwa ntchito amene wapanga ambiri ndipo mumukhulupirire pa za silicone. Anemone chaka choyamba ayi, ngakhale pang'ono. Inde, wanga watsopano ndinamugula patangotha miyezi 5 chifukwa ana ankalira, koma ma wavemaker onse ndinawaveka masiponji.

Tumizani chithunzi cha sump ndi miyeso yake, komanso pomwe paipi yobweza ikuthera, tiwerengere limodzi asanamate.